M'khitchini Mwathu: Botolo la Zonunkhiritsa Likasowa, Keke Isalephereke

Nyengo ya maukwati ndi zikondwerero za kumapeto kwa chaka ikamayandikira, magulu a amayi ndi achinyamata ophika makeke, masikono ndi mabisiketi amalandira maoda ochuluka kuposa nthawi ina iliyonse. Apa m'pamene timabuku ta kaphikidwe timene adalandira ku maphunziro timatulutsidwa m'mabokosi. Tsoka ilo, tambiri mwa timabukuti tidalembedwa potengera makhitchini a ku Ulaya, ku America kapena m'mizinda ikuluikulu ya ku South Africa. Mizere yoyamba imatchula fulawa, shuga, mazira ndi majarini, zinthu zopezeka pa golosale iliyonse. Koma chakumunsi pamatulukira mawu akuti "supuni imodzi ya vanilla extract" kapena "theka la kapu ya brandy", ndipo wophika uja amangoti kakasi.

Zikatere pamachitika zinthu zitatu. Ena amaikana odayo poganiza kuti keke yotere si ya anthu akumudzi. Ena amakwera galimoto kupita ku boma kukasaka kabotoloko, phindu lonse n'kuthera pa ulendo. Enanso amathira chilichonse chimene chili pafupi, ngakhale kachasu, osaganizira amene adzadye. Njira zitatu zonsezi n'zotayitsa: yoyamba imataya kasitomala, yachiwiri imataya ndalama, yachitatu ikhoza kutaya mbiri ya gulu ngakhalenso thanzi la munthu.

M'kope lino tikambirane njira yachinayi. Botolo lililonse lotchulidwa m'ndondomeko ya kaphikidwe lili ndi ntchito yake. Wophika akaidziwa ntchitoyo, kawirikawiri amapeza kuti choigwira chili kale m'munda, m'dimba kapena pa msika wa pafupi.

Kodi m'mabotolomo muli chiyani?

Mabotolo amenewa ali m'magulu atatu, ndipo kuwasokoneza ndiko chiyambi cha makeke ambiri owonongeka.

Gulu loyamba ndi la extract. Apa opanga amaviika chomera chenicheni, monga vanila kapena makoko a mandimu, mu mowa waukali kuti mowawo ukoke fungo la chomeracho. Mwachitsanzo, malamulo a ku America amati chinthu chisatchedwe vanilla extract pokhapokha ngati magawo osachepera 35 pa 100 alionse ali ethanol, chinthu choledzeretsa chija chimene chimapezeka mu mowa wamtundu uliwonse, komanso ngati pa lita imodzi aviikapo pafupifupi magalamu 100 a vanila.

Gulu lachiwiri ndi la essence, timabotolo totsika mtengo timene tadzaza m'masitolo a m'chigawo chathu chino. Fungo lake nthawi zambiri limapangidwa m'fakitale motsanzira lachilengedwe. Ena mwa ma essence ali ndi ethanol, ena alibe. Chokuuzani ndi chizindikiro cha pa botolo basi.

Gulu lachitatu ndi la zakumwa zaukali. Brandy amatchezedwa kuchokera ku vinyo wa mphesa, rum kuchokera ku nzimbe, ndipo onse awiri amakhala ndi ethanol pafupifupi magawo 40 pa 100. Palinso ma liqueur, omwe ndi mowa wosakaniza ndi shuga wambiri ndi zonunkhiritsa: Cointreau ndi Grand Marnier a ku France ndi a malalanje, Kahlúa wa ku Mexico ndi wa khofi, amaretto wa ku Italy amanunkhira ngati mtedza wa almond, pamene Amarula wa ku South Africa, yemwe ukali wake ndi magawo 17 pa 100, amapangidwa ndi zipatso za mfula ndi kirimu wa mkaka.

Kusiyana kwakukulu kuli pa mphamvu ya fungo. Extract ndi essence amayezedwa ndi supuni yaing'ono ya tiyi, ya mamililita 5, pamene zakumwa zija zimayezedwa ndi supuni yaikulu ya mamililita 15 kapena ndi kapu ya mamililita 250. Wothira theka la kapu ya essence m'malo mwa theka la kapu ya brandy aphika keke yowawa imene ngakhale nkhuku ziikana.

Chifukwa chake vanila ndi wodula

Vanila ndi chomera choyanga chimene kwawo ndi ku Mexico. Duwa lake limamasula tsiku limodzi lokha, ndipo kunja kwa dziko lakwawo sichinkabereka chifukwa panalibe tizilombo tosamutsa mungu wake. Amene adamasula mfundoyi ndi Edmond Albius, mnyamata wa zaka 12 amene adali kapolo pa chilumba cha Réunion. M'chaka cha 1841 iye adapeza njira yokwatitsa duwalo pamanja, pogwiritsa ntchito kamtengo kakang'ono ndi chala. Mpaka lero alimi a ku Madagascar, dziko lotsogola pa ulimiwu, komanso a ku Uganda, amatsata njira yomweyo, duwa limodzilimodzi.

Chomeracho chimatenga pafupifupi zaka zitatu kuti chiyambe maluwa. Nyemba zake zazitali zonga zitheba zimakhwima pakatha miyezi pafupifupi 9, ndipo zikathyoledwa zimafunanso miyezi ingapo yofutsa ndi kuumitsa fungo lisanatuluke. Namondwe wa Enawo atawomba kumpoto chakummawa kwa Madagascar mu Malichi 2017, mtengo udakwera mpaka pafupifupi madola 600 a ku America pa kilogalamu m'zaka za 2017 ndi 2018. Pambuyo pake udatsika kwambiri, koma vanila weniweni akadali m'gulu la zokometsera zodula.

Nanga za m'timabotolo totchipa tija? Chinthu chachikulu chimene chimapatsa vanila fungo lake chimatchedwa vanillin. Akatswiri awiri a ku Germany, Ferdinand Tiemann ndi Wilhelm Haarmann, adachipanga m'labotale m'chaka cha 1874, ndipo lero fungo la vanila limene anthu ambiri padziko lapansi amalidziwa ndi la m'fakitale lomweli. Pasakhale manyazi poligwiritsa ntchito. Vanila weniweni ali ndi timafungo tina tambirimbiri, koma tambiri timauluka ndi moto wa mu uvuni, choncho pa masikono ndi mabisiketi kusiyana kwake n'kochepa. Ngati ndondomeko ikufuna extract inu muli ndi essence, thirani muyezo womwewo.

Funsani kaye: botololi likugwira ntchito yanji?

Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Musanasankhe cholowa m'malo, funsani mafunso anayi.

Loyamba, kodi ntchito yake ndi fungo lokha? Ngati muyezo wake ndi supuni yaing'ono imodzi kapena ziwiri, yankho ndi inde. Keke idzafufuma ndi kupsa bwinobwino ngakhale mutalisiyiratu. Chimene vanila amachita kwenikweni ndi kuphimba kafungo ka mazira ndi kukometsa kukoma kwa shuga ndi mkaka, ndipo zilipo zina zotha kuchita zimenezi.

Lachiwiri, kodi likuwonjezera madzi? Ngati muyezo wapitirira masupuni aakulu awiri, chakumwacho chikufewetsanso phala la keke. Mukachichotsa, bwezeranipo madzi a zipatso, tiyi kapena mkaka wa muyezo womwewo; mukapanda kutero keke idzatuluka youma ndi yong'ambika pamwamba.

Lachitatu, kodi likuwonjezera shuga? Ma liqueur ndi otsekemera kwambiri, pamene brandy ndi rum wamba satero. Mukasintha liqueur ndi khofi wopanda shuga, onjezerani shuga pang'ono. Mukasintha brandy ndi madzi a zipatso otsekemera, chepetsaniko shuga wa m'ndondomeko.

Lachinayi, kodi likuteteza keke kuti isachite nkhungu? Keke ya zipatso zouma imene Angerezi amaphika pa Khirisimasi ndi pa maukwati imakhala masabata ngakhale miyezi chifukwa cha shuga wambiri ndi brandy amene amaithira mobwerezabwereza. Pa ntchito zinayi zonsezi, iyi yokha ndiyo ilibe cholowa m'malo cha m'munda. Keke yopanda mowa iphikidwe tsiku la mwambo litayandikira, makamaka m'miyezi yotentha ndi yamvula, ndipo isungidwe pozizira ndi pouma.

Zolowa m'malo zimene tili nazo

Miyezo ili m'munsiyi ndi poyambira. Zipatso zimasiyana kukoma malinga ndi dera ndi nyengo, choncho lilime lanu ndilo liweruze pomaliza.

M'malo mwa vanila. Pa supuni yaing'ono imodzi ya vanila, thirani theka la supuni yaing'ono ya sinamoni kapena jinja wouma wosinja, kapena supuni yaing'ono imodzi ya makoko opala a mandimu kapena malalanje. Kukoma sikudzafanana ndi kwa vanila, koma kafungo ka mazira kadzatha. Pa kasitadi ndi makeke a mkaka, wiritsani masamba awiri kapena atatu a udzu wonunkhira ngati mandimu uja, wotchedwa lemongrass, mu mkaka womwewo, sefani, dikirani uzizire. Pa mandasi ndi zitumbuwa musavutike n'komwe ndi vanila, chifukwa mafuta otentha amaulutsa fungo lake. Anzathu a m'mphepete mwa nyanja ya mchere ku Tanzania ndi ku Kenya amakometsa mandasi awo ndi mkaka wa kokonati ndi cardamom, yemwe iwo amamutcha iliki, ndipo zokometsera zouma zotere zimapirira moto.

M'malo mwa extract ya mandimu kapena malalanje. Fungo la zipatso zimenezi lili m'mafuta a m'khungu lakunja, osati m'madzi ake. Pa supuni yaing'ono imodzi ya extract, thirani masupuni aang'ono awiri a makoko opala. Palani mbali yachikasu kapena yobiriwira yokha, pakuti yoyera ya m'kati imawawa. Tikitani makokowo mu shuga ndi zala musanasakanize ndi majarini. Shuga amaswa timatumba ta mafutawo ndipo majarini amagwira fungolo kuti lisathawe mu uvuni. Manachesi, monga otchuka aja a ku Mwanza, amagwira ntchito yomweyo. Tsukani zipatso bwinobwino, makamaka zogula m'masitolo akuluakulu, zimene nthawi zambiri zimapakidwa phula ndi mankhwala oletsa kuwola.

M'malo mwa liqueur wa malalanje. Pa masupuni aakulu awiri, thirani masupuni aakulu awiri a madzi a malalanje, supuni yaing'ono imodzi ya makoko opala ndi supuni yaing'ono imodzi ya shuga.

M'malo mwa liqueur wa khofi. Pangani khofi wamphamvu kuwirikiza kawiri amene mumamwa, thirani shuga kuti atsekemere ndithu, ndipo yezani muyezo womwewo. Khofi amakometsanso keke ya koko, ngakhale ndondomeko itapanda kumutchula.

M'malo mwa brandy woviikira zipatso zouma. Viikani zipatsozo usiku wonse mu tiyi wakuda wamphamvu, wopanda mkaka, wa muyezo wofanana ndi brandy uja. Iyi si njira ya amphawi ayi: ku Wales amaphika bara brith ndipo ku Ireland barmbrack, makeke a zipatso zoviikidwa mu tiyi amene amanyadiridwa kwawoko. Masamba a tiyi a ku Thyolo ndi ku Mulanje, kapena a ku Honde Valley ku Zimbabwe ndi ku Gurúè ku Mozambique, akukwanira pa ntchitoyi. Ndipo mphesa zouma zikadula, dulani mango, nthochi kapena chinanazi chouma tizidutswa ting'onoting'ono.

M'malo mwa rum. Popeza rum ndi mwana wa nzimbe, kukoma kwake kuli pafupi ndi kwa shuga wabulauni ndi manyuchi akuda a nzimbe. Sungunulani masupuni aakulu awiri a shuga mu poto wouma mpaka afiire ngati uchi, chotsani pamoto, thirani theka la kapu ya madzi otentha pang'onopang'ono mutatalikitsa nkhope chifukwa amathovoka, kenaka takasani. Madzi amenewa amapatsa keke mtundu ndi kafungo kakuya. Shugayo akada bii ndiye kuti wapserera ndipo awawa, yambaninso.

M'malo mwa amaretto ndi ma liqueur ena a mtedza. Kazingani mtedza, makademiya kapena mbibu, sinjani, ndipo chotsani masupuni aakulu atatu a fulawa n'kubwezerapo nsinjiro zimenezi. Sankhani mtedza wouma bwino, wopanda chuku, chifukwa poizoni wa aflatoxin saphedwa ndi moto wa mu uvuni.

M'malo mwa Amarula ndi ma liqueur ena a mkaka. Sakanizani kirimu kapena mkaka ndi madzi a shuga wofiiritsa aja. Kumene mitengo ya mfula ilipo, onjezerani madzi a zipatso zake owiritsa ndi ozizitsa.

Palinso zokometsera zimene timabuku takunja sititchula n'komwe chifukwa olemba ake sazidziwa: malambe, bwemba, chidede, masau, masuku ndi magalagadeya. Chidede chowiritsa ndi shuga chimapereka madzi ofiira okongoletsera pamwamba pa keke popanda utoto wa m'botolo. Ufa wa malambe, umene mayiko a European Union adauvomereza ngati chakudya m'chaka cha 2008 bungwe la PhytoTrade Africa litapempha, umagulitsidwa m'timapaketi m'masitolo a ku Ulaya pamene kuno ana amaubwira m'njira. Masupuni aakulu awiri a ufawu pa makapu awiri a fulawa amapatsa mabisiketi kuwawasa kokoma.

Chenjezo pa zowawasa

Zambiri mwa zipatso zatchulidwazi n'zowawasa, ndipo kuwawasa kumasintha kafufumidwe ka keke. Soda akakumana ndi chowawasa amatulutsa mpweya nthawi yomweyo. Ichi n'chifukwa chake chigumu chothira soda ndi chambiko chimafufuma popanda baking powder. Mukathira madzi owawasa ofika theka la kapu kapena ufa wa malambe, onjezerani kota ya supuni yaing'ono ya soda, ndipo lowetsani mu uvuni mosachedwa mpweyawo usanathe. Soda akachuluka keke imamveka sopo ndipo imada m'kati.

Madzi a mandimu, bwemba kapena malambe akathiridwa mu mkaka wotentha amaudula. Pa kasitadi gwiritsani ntchito makoko, osati madzi. Chinanazi ndi papaya zosaphika zili ndi mphamvu yoswa mapuloteni, motero zimachititsa mkaka kuwawa ndipo zimalepheretsa jelly kugwirana, ziwiritseni kaye. Pomaliza, chonunkhiritsa chilichonse cha m'botolo chithiridwe mu kasitadi kapena m'phala mutachotsa kale poto pamoto.

Kodi mowa umatha ukaphikidwa?

Ophika ambiri amakhulupirira kuti mowa wonse umauluka ndi moto. N'zoona kuti ethanol amawira pa madigiri 78 pamene madzi amawira pa 100, koma akasakanikirana ndi madzi, shuga ndi fulawa sachoka msanga. Potsatira kafukufuku amene adafalitsidwa m'chaka cha 1992 ndi akatswiri a ku University of Idaho, Washington State University ndi unduna wa zaulimi wa ku America, undunawo udatulutsa ziwerengero izi. Mowa wothiridwa m'chakudya chowira n'kuchichotsa pamoto nthawi yomweyo umatsala magawo 85 pa 100. Woyatsidwa moto umatsala magawo 75. Wosakanizidwa m'chakudya n'kuphikidwa mphindi 15 umatsala magawo 40, mphindi 30 magawo 35, ola limodzi magawo 25, ndipo ngakhale pakatha maola awiri ndi theka pamatsalabe magawo 5.

Tiwerengere limodzi. Theka la kapu ya brandy ndi mamililita 125, ndipo m'menemo muli mamililita 50 a ethanol, ofanana ndi amene ali m'mabotolo atatu a mowa wamba a mamililita 340. Keke ikakhala mu uvuni ola limodzi, mumatsalabe mamililita oposa 12. Brandy akathiridwa pamwamba keke itapsa kale, monga amachitira ndi keke ya Khirisimasi kapena Cape brandy pudding ya ku South Africa, wochuluka amakhala momwemo. Supuni yaing'ono ya vanilla extract, mosiyana ndi izi, ili ndi ethanol wosakwana mamililita awiri, wogawidwa pa keke yonse.

Nkhaniyi si ya masamu chabe. Pa ukwati pamadya ana, amayi oyembekezera, odwala amene akumwa mankhwala osayenderana ndi mowa, ndiponso anthu amene akulimbana ndi kusiya uchidakwa. Pamadyanso amene chipembedzo chawo chimaletsa mowa. Kalembera wa 2018 adapeza kuti anthu pafupifupi 14 pa 100 alionse m'Malawi ndi Asilamu, ndipo mipingo ingapo yachikhristu, monga Seventh-day Adventist, nayonso imaletsa. Kwa ena mwa anthu amenewa ngakhale dontho la mu extract ndi nkhani yaikulu. Si udindo wa wophika kuwaweruzira. Udindo wake ndi kufunsa polandira oda ndi kunena zoona za chimene wathira. Kasitomala amene wazindikira pambuyo pake kuti adadyetsedwa chimene amasala sabweranso, ndipo amauza abale ake onse. Chimodzimodzinso ndi mtedza: pali anthu amene thupi lawo limadana nawo mpaka kubanika, choncho keke yothira nsinjiro izinenedwa poyera.

Zimene siziyenera kulowa m'phala la keke

Kachasu sangalowe m'malo mwa brandy. Ukali wake sudziwika, umasiyana botolo ndi botolo, ndipo wotchezedwa mosasamala akhoza kukhala ndi zinthu zovulaza thupi. Komanso alibe fungo limene ndondomeko ikufuna. Spiriti wa buluu kapena wapepo woyatsira moto ndi wopukutira zinthu ndi poizoni. Ali ndi mankhwala otha kuchititsa khungu kapena imfa.

Maso a m'kati mwa nthanga za mapichesi amanunkhira ngati almond, ndipo ena angakopeke kuwasinja m'malo mwa almond essence, makamaka kumadera ozizira ngati Dedza ndi Ntcheu kumene mapichesi amachuluka. Musatero. Masowo ali ndi chinthu chimene m'mimba chimasanduka poizoni wa cyanide, ndipo ana ndiwo amavulala msanga.

Mafuta onunkhira opangira sopo, makandulo kapena odzola si chakudya, ngakhale atalembedwa kuti mandimu kapena vanila. Chenjeraninso ndi timadzi tamitundumitundu togulitsidwa pa msika m'mabotolo opanda chizindikiro. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Gulani botolo lolembedwa dzina la wopanga, zosakaniza zake ndi tsiku lothera mphamvu. Uchi ndi wabwino pa makeke a akuluakulu, ngakhale umachititsa keke kufiira msanga, koma usapatsidwe kwa mwana wosakwana chaka chimodzi.

Mawu kwa alangizi ndi alimi

Alangizi anzanga amene mumayendera magulu ophika ndi a banki m'khonde, phunziro limodzi la tsiku limodzi likhoza kusintha zambiri. Kandani phala limodzi la masikono, ligaweni panayi. Gawo loyamba likhale lopanda chonunkhiritsa, lachiwiri la essence, lachitatu la makoko a malalanje, lachinayi la jinja kapena sinamoni. Phikani pa moto umodzi, ikani m'mbale zolembedwa manambala okha, ndipo itanani anthu amene sadaone pophika kuti alawe. Gulu lilembe m'kope zimene alawiwo anena ndi miyezo imene yagwiritsidwa ntchito. Sinthani chinthu chimodzi pa nthawi. Mukasintha ziwiri simudzadziwa chimene chakometsa kapena chawononga.

Kenaka werengerani mtengo. Kabotolo ka mamililita 30 kali ndi masupuni aang'ono 6, pamene la mamililita 100 lili ndi 20. Gawani mtengo wa botolo, kuphatikizapo wa ulendo wokagula, ndi chiwerengero cha masupuniwo, ndipo muyerekeze ndi mtengo wa lalanje limodzi. Nthawi zina masamu adzaonetsa kuti essence ndiye wotchipa, makamaka gulu likasonkherana n'kugula botolo lalikulu. Zikatero gulani; cholinga si kudana ndi botolo koma kusankha ndi maso otsegula. Ndipo gulu likafuna kuyamba kugulitsa zophika zake m'mapaketi m'masitolo, liyambe lafunsa ku bungwe loona za miyezo, monga Malawi Bureau of Standards kapena Zambia Bureau of Standards, za zofunika kulemba pa paketi.

Kwa inu alimi, pano pali msika umene ambiri sadauone. Nyengo ya malalanje ndi manachesi makoko amatayidwa milumilu m'misika. Opalidwa mwaukhondo, oumitsidwa pa mthunzi podutsa mphepo, osinjidwa ndi kusungidwa m'botolo louma lotsekeka bwino kutali ndi dzuwa, amasunga fungo kwa miyezi ingapo, ndipo supuni imodzi ya ouma imagwira ntchito ya masupuni awiri kapena atatu a aawisi. Jinja, lemongrass ndi chidede sizifuna malo aakulu. M'mphepete mwa dimba n'mokwanira. Mango amene amawolera pansi mu Disembala ndiwo zipatso zouma zimene wophika adzazifune pa ukwati wa mu Ogasiti. Musanaumitse zambiri, kambiranani kaye ndi ophika a m'dera lanu kuti mudziwe chimene akufuna ndi kuchuluka kwake, ndipo samalani ukhondo, pakuti wophika akapeza mchenga kapena nkhungu kamodzi sagulanso.

Fodya wako ndi amene ali pamphuno, adatero makolo. Keke yonunkhira manachesi a kwanu, yonenedwa moona kuti mulibe mowa, ili ndi dzina lakelake pa msika, ndipo wopikisana nanu wa m'tauni sangaipeze m'botolo. Yesani njira zimenezi m'magulu anu ndipo mutilembere zimene mwapeza, makamaka inu a m'zigwa za Shire, Luangwa ndi Zambezi kumene malambe, bwemba ndi masau zimachuluka. M'kope likudzali tidzakambirana za kaumitsidwe ka zipatso ndi dzuwa, ndi kasungidwe kake kuti zifike nyengo ina zisadachite nkhungu.